Kumene Amapita Akatsinzina

M'tauni yonseyo simukanapeza munthu wowaitana ndi dzina lawo la pa laisensi. Ana a sukulu, amayi a pamsika, ngakhale apolisi a pamsewu, onse ankangoti a Mabuleki. Ntchito yawo inali yophunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, ndipo kagalimoto kawo koyera kanali ndi buleki yachiwiri kumbali imene iwo ankakhala. Phazi lawo linaizolowera buleki imeneyo moti ngakhale akakwera basi, kapena mlaliki akayamba kuthamanga ndi ulaliki m'tchalitchi, linkaponda pansi lokha mwini wake osadziwa.

Ntchito ankaidziwa, apa tisawanamizire. Anayamba ali mnyamata womanga katundu pa lole, nakwera pang'onopang'ono mpaka kukhala ndi sukulu yawoyawo ya galimoto imodzi. Madalaivala ambiri a m'tauniyo anadutsa m'manja mwawo, ndipo ena mwa iwo mpaka lero akafika pamphambano amamvabe mawu m'khutu akuti, "Galasi kaye! Ukuthamangira maliro a ndani?" Chiphunzitso chawo chinali chimodzi: munthu wamantha usamupatse mpata woganiza, uzimuthira mawu mpaka manthawo asowe pokhala. Pamsewu nzeru imeneyi nthawi zina inkagwira.

Choipa chinali chakuti ntchitoyo sinkatsala m'galimoto. Munthu akakalambira pampando wouza mnzake chochita, amayamba kukhulupirira kuti atangotseka pakamwa dziko lonse ligwera m'ngalande. Choncho kunyumba a Mabuleki ankalangiza kayanikidwe ka zovala, kadulidwe ka buledi, ngakhale katulukidwe ka m'khitchini munthu atanyamula ketulo. Ana awo atatu anakula n'kukakhala kutali, ndipo aliyense wa iwo akaimbira foni amayi ake ankayamba wafunsa ngati bambo ali pafupi.

Akazi awo ankasoka makatani pakhomo pomwepo. Anali mayi wa mawu owerengeka, woti akati "chabwino" sungadziwe ngati wavomera kapena wangotopa nawe. Awiriwa anakumana m'galimoto momwemo. Mayiwo ali mtsikana anabwera kudzaphunzira kuyendetsa, ndipo tsiku lina, a Mabuleki atawadzudzula kuyambira pageti mpaka pamlatho, anaimika galimoto bwinobwino, anakoka handibuleki, natuluka, nati, "Zikomo, ndiyenda wapansi." A Mabuleki anawalondola mpaka kwawo kuti akawabweze ku maphunziro, koma chimene anabwerako nacho ndi ukwati. Laisensi mayiwo sanatenge mpaka lero. Nkhaniyi a Mabuleki ankaikamba monyadira paliponse, koma ankadumpha mbali imodzi. Nthawi imeneyo panalinso kalaliki wina wa ku positi, wovala taye, wolankhula motsitsa, amene ankamufunanso mtsikana yemweyo. Kalalikiyo anasamuka kalekale m'tauniyo, koma mumtima mwa a Mabuleki sanasamukemo.

Chakudza sichiimba ng'oma. Mayiwo anapeza kachotupa m'bere lakumanzere akusamba, ndipo atayezedwa, dokotala anatchula dzina limene aliyense amaliopa, khansa. Anati pafunika opaleshoni msanga nthendayo isanafalikire. Tsiku linaikidwa, mayiwo anagonekedwa, ndipo m'mawa wake a Mabuleki anali pambali pa bedi kuwalimbitsa mtima. Anawawerengera anthu onse amene iwo ankawadziwa kuti anachitidwa opaleshoni n'kuchira, osaiwala awiri atatu amene sanachire, kuti nkhani ikhale yoona. Dokotala wogonetsa atabwera kudzayeza kuthamanga kwa magazi, kumene aliyense amangoti bipi, anapukusa mutu. Inali itakwera moti sakanayerekeza kuwagonetsa tulo. Mayiwo anavula chovala chobiriwira cha ku fiyeta, kumene amachitirako opaleshoni, n'kubwerera kunyumba ndi mankhwala, malo awo n'kupita kwa wodwala wina.

Tsopano anali atagonekedwanso, kutatsala masiku angapo, kuti bipiyo aziiyang'anira pafupi. Dokotala sanapite m'mbali. Mankhwala akugwira, anatero, koma mantha akumaikweza pa nthawi yolakwika. Ikakweranso m'mawa wa opaleshoni abwereranso kumapeto kwa mzere, ndipo chotupa sichidikira mzere. A Mabuleki anamva bwino lomwe. Iwo ankawakonda akazi awo, ndipo ankaopa kuwataya kuposa mmene ankaopera imfa yawo yomwe. Kungoti chikondi chawo chinali ndi khomo limodzi lokha lotulukira, pakamwa.

M'wodimo munali namwino wamwamuna, wa imvi za apa ndi apo, amene odwala anamupatsa dzina loti a Pang'onopang'ono chifukwa mawu amenewo sankachoka pakamwa pake. Masana aliwonse ankasonkhanitsa odikira opaleshoni m'kachipinda ka kumapeto kwa khonde, momwe munali mipando ya pulasitiki ndi zenera limodzi, n'kumawaphunzitsa kukhazika mtima pansi. Achibale ankaloledwa kukhala kumbuyo, bola akhale chete. A Mabuleki analowa nawo, chipewa pabondo, nkhope ili ya munthu amene wabwera kudzayesa mnzake mayeso.

"Dzanja limodzi pamimba, amayi," anatero namwinoyo. "Kokani mpweya ndi mphuno, pang'onopang'ono, mpaka dzanjalo likwere. Eya, choncho. Tsopano utulutseni pakamwa ngati mukuuzira tiyi wa mwana. Palibe akukuthamangitsani."

Kenaka anawauza kuti akunge zala zakumapazi mwamphamvu, agwire kanthawi, n'kuzilekerera. Anakwera nazo choncho, akatumba, ntchafu, zibakera, mapewa, mpaka nsagwada ndi chipumi, paliponse kukunga kaye n'kumasula, kuti thupi likumbukire kuti kumasuka kumakhala bwanji. A Mabuleki maso anali pa akazi awo basi. Akauzidwa kufumbata, ankafumbata. Akauzidwa kumasula, ankamasula. Zaka zonsezi iwo akulankhula mpaka kukhosi kuuma, mayi ameneyu sanamverepo munthu chonchi, ndipo lero wamvera mwamuna wonong'ona, wolankhula motsitsa ngati kalaliki wa ku positi! Namwinoyo atafika pa mayiwo n'kuwagwira paphewa ndi zala ziwiri kuti alitsitse, phewalo linatsika nthawi yomweyo, ndipo phazi la a Mabuleki linaponda simenti.

Koma chachikulu chinali m'tsogolo.

"Tsopano tsinzinani," anatero namwinoyo. "Pitani kumalo kumene mtima wanu umakhalako phee. Musandiuze kuti ndi kuti, ndi kwanu kumeneko. Onani zimene zili kumeneko, mverani phokoso lake, nunkhizani fungo lake. Khalani komweko, muzingopuma."

Odwala onse anatsinzina. Ndipo a Mabuleki anaona nkhope ya akazi awo ikusintha. Makwinya a pachipumi anafafanizika, milomo inamasuka, kenaka kunabwera kumwetulira kwina kumene iwo sankakudziwa. Sikunali kuja kolandirira alendo, kapena kuja kowapatsa iwo akamaliza nthabwala imene anaikamba kale dzulo. Kunali kwa munthu amene wafika kumene wakhala akukufuna. Nsanje inawagwira nthawi yomweyo, nsanje yeniyeni ya mnyamata, pa bambo wa zidzukulu. Atamaliza, namwinoyo anayeza bipi ya mayiwo ndipo inali itatsika bwino. Odwala anzawo anawawombera m'manja, a Mabuleki nawonso anawomba, koma mumtima funso linali limodzi: wapita kuti mkazi wanga, ndipo wakumana ndi ndani kumeneko?

Kuyambira tsiku limenelo dzina la namwinoyo linali paliponse ngati ntchentche. A Mabuleki akati tsegulani zenera, ankamva kuti a nesi anati mphepo ya madzulo si yabwino. Akati gonani chagada, ankamva kuti a nesi anati munthu agone mmene thupi lafunira. Amayi onse a m'wodimo ankamutchula munthuyo mokoma, ndipo akazi awo, amene kunyumba mawu ankachita kuwakumba, ankathirirapo ndemanga osafunsidwa.

Ndiye a Mabuleki anabwera ndi nzeru. Ngati nkhani ndi yophunzitsa munthu kupuma, ndani m'tauni muno angaphunzitse kuposa iwo? Pa nthawi yoona odwala anakokera mpando pafupi ndi bedi, mbali imene amakhala m'galimoto, navula wotchi naigwira m'manja.

"Amayi, tiyeni tiyeseze. Dzanja pamimba. Kokani! Ayi, mwafulumira, yambiraninso. Bwinobwino, ngati mukusiya kilatchi. Gwirani pomwepo. Ndati gwirani! Tulutsani. Mapewa pansi, mapewa pansi, kodi simukumva? Masukani!"

"Ndikumasuka, bambo."

"Kumasuka kwake kumeneko, nkhope ngati mwaona apolisi? Masukani msanga!"

Pabedi loyandikana panali mayi wina wonenepa, wogulitsa nsapato, amenenso ankadikira mpeni, ndipo wodi yonse inkangowatchula kuti Aneba. Aneba anaseka mpaka kutsokomola.

"Abambo, mwatsala pang'ono kuwafunsa laisensi yopumira. Asiyeni anzathuwa, anayamba kupuma inu musanawadziwe."

"Mayi, ine ndaphunzitsa anthu amantha kuposa awa. Ena ankachita kulira pachiwongolero."

"Ankalira chifukwa cha msewu kapena chifukwa cha inu?"

Wodi yonse inafa nalo phwete. Namwino wina wamkazi atabwera ndi makina ake n'kukulunga lamba pamkono wa mayiwo, anayang'ana manambala, anayang'ana a Mabuleki, n'kufunsa ngati wodwalayu wangokwera kumene masitepe. Munthu wanzeru akanamva pomwepo. A Mabuleki anamva zina. Anamva kuti mkazi wawo amatsitsira mtima mwamuna wachilendo, koma iwo eni ake amawakwezera.

Mwana wawo wamkazi anaimba foni madzulo ake, ndipo ulendo uno anafuna bambo ake enieniwo.

"Ababa, ndamva kuti mwatsegula sukulu m'wodi. Chonde, mukapita muzingokhala pansi n'kuwagwira dzanja. Basi."

"Iwe, amayi ako ndinawadziwa usanabadwe."

"Eya, n'chifukwa chake atopa kuposa ine."

Anamudulira foni mwanayo.

Nsanje ilibe tchuthi. Masiku amenewo ophunzira awo anaona zachilendo, mphunzitsi ali duu, galimoto n'kuzima pamphambano iwo osanena kanthu. Maganizo anali kuzungulira malo onse amene anapitako ndi akazi awo. Anali ochepa, ndipo kulikonse kumene ankakumbukira ankadzimva okha akulankhula. Ulendo umene anapita kukaona mathithi, iwo anathera tsiku lonse akukalipira dalaivala wa basi. Pa ukwati wa mwana wawo woyamba anali panja akulongosola kaimikidwe ka magalimoto. Ndiye ngati kumene mayiwo amapitako si kumene anapitira limodzi, ndi kuti? Tsiku lina anangozindikira atamuuza wophunzira kuti akhotere msewu wa ku positi, kumene kunalibe chilichonse chokaphunzirako, ndipo anayang'anitsitsa masitepe a nyumbayo ngati apezapo mapazi a anthu awiri.

Wophunzirayo atatsika, a Mabuleki anati ayese okha zinthuzi aone. Anakankhira mpando m'mbuyo, anaika dzanja pamimba, natsinzina. Sanavutike n'kufunafuna. Anangoona msewu wolowera kwawo madzulo, geti, ndi akazi awo ataima pakhonde, tepi yoyezera nsalu ili m'khosi. Anayesa kupita kwina, kumudzi kwa makolo awo, pamwamba pa lole ali mnyamata, koma kulikonse mayi yemweyo ankatulukira. Anatsegula maso atapsa mtima kuposa poyamba. Ndiye kuti malo otere amakhala ndi munthu wake, anaganiza motero. Kwanga kuli iyeyo, nanga kwake kuli ndani?

Kutatsala tsiku limodzi kuti opaleshoni ichitike, anamudikirira namwino uja pakhonde.

"Achimwene, tikambe ngati amuna. Akazi angawa akatsinzina, amakuuzani kumene amapita?"

"Sindifunsa, bambo."

"Koma mumadziwa. Mumawayang'ana nkhope."

"Ndimayang'ana mapewa ndi kapumidwe. Wofuna kundiuza amandiuza yekha. Ena amapita kumunda kwa amayi awo, ena kumtsinje kumene ankasambira ali ana. Wina anandiuza kuti amapita m'bafa, chifukwa ndi mokhamo mmene ana samulondola." Namwinoyo anamwetulira. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo. Chimene ine ndikufuna n'choti mawa alowe ku fiyeta. Inu simukufuna zomwezo?"

Ankafuna zomwezo ndithu. Koma kufatsa kwa munthuyo n'kumene kunkawapweteka kwambiri, chifukwa munthu wofatsa sumupeza pomugwira. Anachoka pakhondepo n'kulunjika pabedi la akazi awo, akudziuza kuti safunsa anadya phula. Anawapeza atakhala tsonga, akupesa tsitsi.

"Amayi, ndifunseko kanthu kakang'ono. Kumene mumapita kuja, n'kuti?"

"Anati tisamanene."

"Anati musamuuze iyeyo. Ine ndine mwamuna wanu."

"Ndi malo chabe, bambo."

"Kuli anthu?"

Mayiwo anaika chipeso pansi. "Mawa andidula bere. Mwasowa china chofunsa?"

Apa ndi pamene munthu amapepesa n'kuyamba kusenda lalanje. A Mabuleki sanatero. Mawu anali atafika kale pamilomo, ndipo iwo chibadwire sanaphunzirepo kumeza mawu.

"Kuli wa taye uja, eti?"

Aneba anatembenukira kukhoma. Mayiwo anawayang'ana amuna awo nthawi yaitali, maso akulengeza misozi, osati ya chisoni koma ya mkwiyo. Belu lothamangitsa alendo litalira, a Mabuleki anatsanzika n'kutuluka. Anafika kunyumba akudzida okha, komabe kamtima kena kankanong'ona kuti, komatu sanakane.

M'mawa wa opaleshoni anafika dzuwa litangotuluka, naimika galimoto pabwalo loyang'anana ndi mazenera a wodi. Aneba anali atapita kukasamba. Akazi awo anali atavekedwa kale chovala chobiriwira chija, milomo itauma chifukwa sanaloledwe kudya kapena kumwa, lamba wa makina ali pamkono. A Pang'onopang'ono anawerenga manambala, ndipo ulendo uno sanamwetulire.

"Yakwera, amayi. Dokotala wati ayambe ndi wina, tiyezenso akamamaliza. Ikakhala pomwepa ndiye kuti lero zakanikanso. Yesani kupita kwanu kuja." Anatseka makatani ozungulira bedi, nachoka.

Mayiwo anatsinzina, dzanja pamimba. Mpweya unkalowa modukiza ngati wa mwana amene wangoleka kulira. Anayesa, nayesanso, kenaka anatsegula maso.

"Sikukufikika," anatero. "Ndikati ndilowe, ndikupeza inu mwaima pakhomo ndi mafunso anu."

A Mabuleki anagwira chitsulo cha bedi. Mantha amene anawakwirira pansi pa nsanje masiku onsewa anatulukira poyera, ndipo anaona bwinobwino chimene achita. Ngati mkazi wawo abwezedwenso lero, womubweza sakhala dokotala.

"Amayi, dzulo ndinalakwa. Musandiuze. Pitani kulikonse, ngakhale ku positi komweko, ine sindi..."

"Khalani chete ndikuuzeni, mwina mungandichokere pakhomopo." Mayiwo anapuma kaye. "Ndi kunyumba kwathu. M'mawa, inu mutangotuluka."

"Kunyumba?"

"Mumati, 'Ndapita, amayi, mutseke geti.' Galimoto imalira, mumaliza hutala kawiri pokhota, phokoso n'kumachepa mpaka kutha. Ndiye m'nyumba mumangoti phee. Ndimakhala pampando wa pamakina ndisanayambe kusoka, dzuwa likulowa pazenera n'kugwa pansalu. Palibe wondiuza kanthu. Ndimamva wotchi ya pakhoma, imene inu mukakhalapo siimveka. Ndi kumeneko, bambo. Kulibe wa taye. Ngakhale nkhope yake ndinaiiwala."

Bola akanakhala kalaliki. Mwamuna mnzako ungamutukwane, ungamudikirire panjira, koma nyumba yako yomwe ungaichite chiyani? Wowalanda mkazi sanali munthu ayi. Unali m'mawa uliwonse umene iwo ankatuluka pageti akuganiza kuti asiya munthu wowasowa. Zinawapweteka kwambiri, ndipo anafunsa ndi timawu tating'ono timene ophunzira awo sakanatizindikira.

"Ndiye ine mulibemo?"

"Mulimo. Kapu yanu imakhala patebulo, ikadali yofunda. Sindiichotsa msanga."

A Mabuleki anaima kanthawi, pakamwa patadzaza malangizo: asaope, apume bwino, asaiwale kumuuza dokotala za dzino lawo logwedera lija. Ankafunanso kuwaperekeza mpaka pachitseko cha fiyeta atawagwira dzanja, chifukwa ena amalowa mmenemo osatulukanso, ndipo ndi mwamuna wanji amene sakhalapo pa nthawi ngati imeneyo? Zonsezo anameza, ndipo zinawawa pomeza. Anatenga chipewa chawo nachiika pa kakabati ka pambali pa bedi, pamene akazi awo akanachiona atatsegula maso.

"Ndapita, amayi," anatero. "Mutseke geti."

Mayiwo anawayang'ana, anamvetsa, natsinzina.

Anatuluka osacheuka, anadutsa khonde lonse, nakalowa m'galimoto. Kutsogolo kwawo kunali chikwangwani chachikulu choletsa kuliza hutala pachipatala, lamulo limene iwo eni anakhomerera m'mitu ya ophunzira mazanamazana. Analiza injini, anabwerera m'mbuyo, ndipo atafika pokhota, pansi penipeni pa mazenera a wodi, analiza hutala kawiri. Mlonda wa pageti anathamangira galimotoyo akukalipa.

"Madala, simutha kuwerenga? Anakupatsani laisensi ndi ndani inuyo?"

"Pepani, achimwene," anatero a Mabuleki, ndipo anatuluka pageti mosathamanga, kuti phokoso la injini lichepe bwinobwino mpaka kutha.

Anakaimika kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo, nakhala momwemo manja ali pachiwongolero. Sakanabwerera msanga, poti munthu amene wapita kuntchito sasuzumira pazenera. Anadikira mpaka mthunzi wa mtengowo unachoka pa boneti, kenaka analowa wapansi akumuzemba mlonda uja. Njira yonse ankapemphera pemphero limene sanaganizepo kuti angalipemphere, loti akapeze mkazi wawo palibe.

Makatani anali atatsegulidwa. Pabedi panalibe munthu, bulangete linali litapindidwa kumiyendo, masilipasi ali pansi. Aneba anali atakhala tsonga, akuwadikira.

"Awatenga, abambo. Bipi inatsika."

A Mabuleki anangodziponya pampando.

"Ine ndabwera kosamba hutala ikulira panja, ndiye ndinasuzumira pakatani," anapitiriza Aneba. "Ndinawaona anzangawa akumwetulira. Mpaka kuwakweza pa kabedi ka matayala, mpaka kukhota pakhonde, maso ali chitsinzinire. Koma abambo, kumene amapita mayi amenewa kuyenera kuti n'kokoma zedi. Anakuuzani kuti ndi kuti?"

"Anandiuza," anatero a Mabuleki, akuyang'ana bedi lopanda munthulo. "Ndimagona komweko, mayi. Kungoti sindinafikeko."